Tsamba Lodziwa Kudziteteza: Mbiri ya Fodya ndi Matenda Ake kwa Lukwa

Mwezi wa Seputembala ukafika m'dera la mfumu Lukwa ku Kasungu, fumbi lili koboo m'misewu, ntchito ya fodya imakhala itayamba kale kumadambo. Mabedi a nazale amakhala atasalazidwa, mapesi atawotchedwa pamwamba pake kuti moto uphe tizirombo ta m'nthaka, ndipo njere zimasakanizidwa ndi madzi m'kheni n'kuthiridwa pabedi. Njerezo ndi zazing'ono kwambiri, mwakuti galamu imodzi imakhala ndi njere zoposa 10,000. Mwana amene wakulira m'banja la alimi a fodya amadziwa malamulo a pamalopo asanadziwe n'komwe kuwerenga. Sasutirapo fodya panazale. Munthu asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbande. Bedi lisakhale pomwe chaka chatha panali tomato kapena mbatatesi. Ndipo kumunda, kuthyola kukatha, mitengo ya fodya izulidwe, isasiyidwe kuti iphukenso.

Malamulo amenewa sanagwe kumwamba. Aliyense mwa iwo anagulidwa ndi munda wa munthu wina umene unawonongeka, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chake mkati mwa tsamba lenilenilo. Chimene alimi ambiri a ku Kasungu sanauzidwepo n'chakuti mbewu imene amaiweramira chaka chonseyi ndi yomwe inaphunzitsa dziko lonse lapansi m'mene zomera zimadzitetezera ku matenda.

Fodya si mlendo wa dzulo kuno. Kwawo ndi ku America, ndipo anafika ku Africa kudzera m'malonda a Apwitikizi zaka mazana angapo zapitazo. Pamene David Livingstone ankafika kwa Mwase Kasungu mu 1863, Achewa anali atazolowera kale kulima fodya wawo pang'onopang'ono pafupi ndi nyumba, wosuta ndi wonunkhiza. Fodya wa malonda ndiye anabwera ndi atsamunda. Banja la Buchanan linayamba kulima fodya wa mtundu wa Virginia kumapiri a Shire, ndipo woyamba kutumizidwa kunja anatuluka mu 1893. Kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale ku Limbe mu 1908. M'zaka za m'ma 1920, A. F. Barron ndi mnzake R. W. J. Wallace anafalitsa fodya wa chikopa m'chigwa cha Lilongwe, akugawa mbande kwa anthu akumudzi n'kumagula masamba awo. Boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti liziyang'anira alimi achikuda, ndipo okushoni inayamba ku Limbe mu 1938.

Kasungu analowa mochedwerapo m'gule ameneyu, koma atalowa anavina kuposa onse. Dothi lake lamchenga, lopepuka, ndi limene fodya wa kampopi amakonda. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, bungwe la Colonial Development Corporation linatsegula minda ya fodya ameneyu m'bomali. Dziko litalandira ufulu kunabwera Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, imene inkaphunzitsa Amalawi osankhidwa kulima fodya wowotcha m'mabalani. Kenaka kunabwera maesiteti akuluakulu a General Farming ndi Press Farming, omwe anali m'manja mwa Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko. Nkhalango za msuku ndi mombo zinagwetsedwa, malo a makolo anasanduka a lizi, ndipo malole ankatuta mabanja kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Machinga ndi Mangochi kudzakhala matenanti. Lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wamba kulima bale kapena kampopi pamunda wake. Munthu wa kwa Lukwa ankatha kuthyola bale paesiteti ya wina, koma osati kuseri kwa nyumba yake. Chiletsocho chinayamba kumasulidwa mu 1990, ndipo m'zaka zochepa zigafa zinamera m'mudzi uliwonse.

Pamene mbewu imodzi yadzaza chigwa chonse, chaka ndi chaka, matenda amapeza phwando. Alipo a mawanga obwera ndi bakiteriya, amene nyengo ya mvula yamphepo amayenda m'munda ngati moto wolusa, banga lililonse litazunguliridwa ndi mkombero wachikasu. Alipo ofotetsa, olowera kumizu, amene amagwetsa mbali imodzi ya chomera pamene mbali ina ikadali yobiriwira. Tilipo tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu, ndipo timakonda dothi lamchenga lomwe lija limene linakopa maesiteti. Palinso matenda opinimbiritsa fodya amene asayansi amawatcha bushy top, ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba: chomera chimaleka kutalika, n'kutulutsa timphukira tambirimbiri ta timasamba topanda ntchito. Nsabwezo zimadikira chilimwe chonse pamitengo ya fodya yosazulidwa, ndiye chifukwa chake lamulo lozula mitengo silinali nkhanza chabe za alangizi. Munda umodzi wosiyidwa umadwalitsa nazale za mudzi wonse. Ndipo pali matenda a mozaiki, opangitsa tsamba kukhala la mawangamawanga obiriwira mosiyana. Awa safuna nsabwe. Amayenda pa zala za munthu, pa mpeni, ndiponso amakhalabe amoyo m'fodya wouma wa m'ndudu. Apo ndi pamene panachokera lamulo la sopo.

Ndi matenda omalizawa amene anatsegula khomo. Mu 1886, Adolf Mayer, yemwe ankagwira ntchito ku Wageningen m'dziko la Netherlands, anaonetsa kuti madzi ofinyidwa m'tsamba lodwala amadwalitsa tsamba labwino. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anasefa madziwo m'sefa yoti bakiteriya sangadutse, koma madzi osefedwawo anadwalitsabe fodya. Mu 1898 Martinus Beijerinck, ku Delft, ananena poyera kuti ichi chinali chinthu cha mtundu wina, ndipo anachitcha vairasi. Choncho vairasi woyamba kudziwika padziko lapansi sanali wa munthu kapena wa ng'ombe, anali wa fodya. Mu 1935 Wendell Stanley ku America anamupatula m'madzi a masamba, ndipo ntchitoyi inamupezetsa mphotho ya Nobel mu 1946.

Kudziwa mdani kunali theka la nkhani. Theka linalo linayamba pamene Francis Holmes anaona kuti m'bale wakutchire wa fodya, wotchedwa Nicotiana glutinosa, sadwala mozaiki thupi lonse. Vairasi akalowa, tsamba limapha maselo ake omwe ozungulira pamalopo, n'kusiya kabanga kouma, ndipo mdaniyo amathera m'kabangamo. N'chimodzimodzi ndi m'mene timawotchera lambalamba kuzungulira munda kuti moto wa kutchire ukafika usapeze chodya. Mu 1938 Holmes analengeza kuti khalidweli lalowetsedwa mu fodya wolimidwa kudzera m'kukwatitsa mbewu. Limayendetsedwa ndi jini imodzi yotchedwa N. Liwu lakuti jini pano lisasokoneze owerenga: silikukhudzana ndi majini a mizimu, koma likutanthauza kachigawo ka malangizo olembedwa mu DNA, amene chamoyo chimalandira kwa makolo ake. Jini ya N ili ndi chofooka chimodzi choyenera kudziwika m'dziko lotentha ngati lathu. Kutentha kukapitirira madigiri 28, chitetezo chake chimazilala.

Mu 1961 A. Frank Ross wa ku yunivesite ya Cornell anapeza chinthu chodabwitsa koposa. Atadwalitsa masamba a m'munsi a fodya wokhala ndi jini ya N, anadikira masiku angapo n'kudwalitsanso masamba a m'mwamba. Timawanga ta m'mwambamo tinatuluka tating'ono kwambiri. Chomera chonse chinali chitamva mfuu n'kukonzekera. Mu 1970 ofufuza a ku Netherlands ndi ku France, aliyense payekha, anapeza kuti fodya wodwalayo amapanga mapuloteni atsopano amene mu tsamba labwino mulibe. Ena mwa mapuloteniwa pambuyo pake anadziwika kuti amasungunula khungu la nkhungu zoyambitsa matenda. Mu 1979 R. F. White ku Rothamsted, ku England, anabaya fodya ndi asipilini, ndipo mapuloteni omwewo anatuluka. Ndi m'mene anthu anadziwira kuti salicylic acid, m'bale wake wa asipilini, ndi mmodzi mwa amithenga a m'chomera.

Mthenga wina amayi athu anamudziwa kale, ngakhale sanamutche dzina. Mayi akafuna kuti nthochi zipse msanga amazivundika m'dzenje kapena m'thumba, nthawi zina n'kufukizira utsi, nthawi zina n'kuikamo chipatso chakupsa kale. Chimene chimagwira ntchito pamenepo ndi mpweya wotchedwa etilini. Dimitry Neljubow anauzindikira mu 1901 ku St Petersburg, ataona kuti mpweya wa nyale za gasi ukupotoza mbande za nsawawa, ndipo mu 1934 Richard Gane ku England anatsimikiza kuti zipatso zimaupanga zokha. Etilini yemweyo ndi amene amafulumizitsa tsamba la fodya kusanduka lachikasu likakhwima, komanso masiku oyamba m'balani. Koma chomera chimatulutsanso etilini chikavulala kapena chikagwidwa ndi matenda, ndipo mpweyawo ukamveka, ena mwa mapuloteni oteteza aja amayamba kupangidwa.

Funso linatsala linali lakuti: mpweya ungauze bwanji jini kuti idzuke? Selo lililonse la chomera lili ndi majini zikwi makumi angapo, ndipo ambiri amakhala ogona. Kupanga mankhwala odzitetezera kumadya chakudya chimene chikanakulitsa tsamba, choncho chomera sichingawasiye onse ali maso usana ndi usiku.

Aliyense amene anagwirapo ntchito paesiteti amamvetsa yankho lake mosavuta. M'sitolo mungakhale makasu, masipuleya ndi mankhwala, koma palibe chimatuluka mpaka kapitawo atabwera ndi makiyi. Kapitawo salima, sapopera. Ntchito yake ndi kumva uthenga, kutsegula chitseko choyenera, ndi kuitana anthu oyenera. M'selo mulinso mapuloteni a udindo wotere, ndipo asayansi amawatcha transcription factors. Amakakamira pa DNA kutsogolo kwa jini, pamalo olembedwa chizindikiro chimene iwo amachidziwa, n'kulamula kuti jiniyo iwerengedwe.

Makapitawo omvera etilini anapezeka koyamba mu fodya. Mu 1995, Masaru Ohme-Takagi ndi Hideaki Shinshi ku Tsukuba m'dziko la Japan anaonetsa kuti kutsogolo kwa majini angapo oteteza muli kachizindikiro ka zilembo zisanu ndi ziwiri za DNA, AGCCGCC, kamene kanatchedwa GCC box. Anapeza mapuloteni anayi a mu fodya amene amagwira pachizindikirocho, ndipo lero banja lawo limadziwika ndi dzina lakuti ERF. Kukongola kwa dongosololi n'kwakuti chizindikiro chimodzi chimapezeka kutsogolo kwa majini ambiri omwazikana mu DNA, choncho kapitawo mmodzi amatha kudzutsa gulu lonse nthawi imodzi. Patapita zaka ziwiri, mu 1997, gulu la Gregory Martin ku yunivesite ya Purdue linapeza mu tomato mapuloteni atatu a banja lomwelo, Pti4, Pti5 ndi Pti6. Awa amalumikizana ndi puloteni ya Pto, mlonda amene amazindikira bakiteriya wa timawanga ta tomato, yemwe ndi m'bale wapafupi wa bakiteriya wa mawanga a fodya uja. Mzere wonse unayamba kuoneka: mlonda amaona mdani, uthenga umafika kwa kapitawo, kapitawo amatsegula majini, ndipo tsamba limadzaza ndi zida.

Kufunika kwa etilini kunaoneka bwino mu 1998, pamene ofufuza a ku Netherlands anapanga fodya wogontha ku mpweyawu. Atamudzala m'dothi wamba, anayamba kufota ndi kuwola patsinde chifukwa cha nkhungu za m'nthaka zimene fodya wabwinobwino sazimva n'komwe. Ine nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri. Imatanthauza kuti mbande iliyonse imene yapulumuka panazale kudambo sinapulumuke mwamwayi. Yakhala ikumenya nkhondo mwakachetechete kuyambira tsiku limene inamera, ndipo ife timangoona nkhondo zimene yagonja.

Banja la ERF ndi lalikulu. Kafukufuku wa mu 2006 anawerenga majini 122 a banjali m'kachomera ka Arabidopsis, kamene asayansi amakonda kuphunzirirapo, ndi 139 mu mpunga. Si onse amene amatsegula. Ena ntchito yawo ndi kutseka, kuti chomera chisapitirize kuwononga chakudya chake ngozi itadutsa. Komanso amithenga aja sagwirizana nthawi zonse. Salicylic acid amalimbana kwambiri ndi tizirombo todya selo lamoyo, monga mavairasi, pamene etilini ndi mnzake wotchedwa jasmonate amalimbana ndi nkhungu zimene zimayamba zapha selo kenaka n'kulidya. Njira imodzi ikakwera kwambiri, inayo kawirikawiri imatsika. Ndi chifukwa chimodzi chimene kupeza mbewu yopirira matenda onse nthawi imodzi kuliri kovuta.

Mbali ya nkhaniyi imene ili pafupi kwambiri ndi chigafa ndi ya chikonga, chimene asayansi amati nikotini. Chomera sichipanga chikonga kuti munthu asute. Ndi poizoni wake wothamangitsira mbozi. Chimapangidwa kumizu n'kukwera kupita m'masamba. Mlimi akadula nsonga ya fodya kuti asachite maluwa, n'kumachotsa mphukira, amafuna masamba akuluakulu olemera. Koma chomera chimamva ngati chilombo chachiluma. Uthenga wa bala umatsikira kumizu, ndipo mizu imawonjezera chikonga. Mu 2010 Tsubasa Shoji, Masataka Kajikawa ndi Takashi Hashimoto ku Nara, ku Japan, anaonetsa kuti makapitawo a ntchito imeneyi ndi a banja lomwe lija la ERF, okhala moundana pamalo amodzi mu DNA otchedwa NIC2, ndipo wamkulu mwa iwo ndi ERF189. Anazindikira zimenezi pophunzira mtundu wina wa bale wokhala ndi chikonga chochepa, umene majini angapo a pamalopo anasowa. Bale wotereyu tizirombo timamudya mosavuta. Kotero dzanja lililonse limene ladulapo nsonga ya fodya kwa Lukwa lakhala likulankhula ndi majini amenewa.

Poizoniyo sasankha mbozi yokha. Munthu akamathyola masamba onyowa ndi mame popanda chodzitetezera, chikonga chimalowa pakhungu, ndipo amamva chizungulire, mutu ndi nseru. Ana ndiwo amavutika koposa. Lipoti la bungwe la Plan la mu 2009, limene linamva maumboni a ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuphatikizapo ku Kasungu, linaika nkhaniyi poyera. Mbiri ya tsamba ili siingakambidwe moona popanda ana amenewo, kapena popanda matenanti amene njala ya 2002 inawapeza ali kutali ndi kwawo, opanda munda wawowawo wa chimanga. Dongosolo la utenanti linathetsedwa m'malamulo mu 2021.

Nanga nzeru zonsezi zinafika bwanji kumunda? Zinafika m'paketi ya njere. Mbewu ya Burley 21, imene inatulutsidwa ku America mu 1955, inanyamula kupirira mozaiki komanso kupirira mawanga a bakiteriya, zonse zotengedwa kwa abale akutchire a fodya. Kuno kwathu ntchito yosankha ndi kukwatitsa mbewu ili m'manja mwa bungwe la ARET, limene linakhazikitsidwa mu 1995, chaka chomwecho chimene mapuloteni a ERF analengezedwa ku Japan. Likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo ku Mwimba m'boma la Kasungu kuli koleji yake ya zaulimi. Woweta mbewu akayenda m'mizere yoyesera n'kusankha chomera chimene chaimabe pamene anzake afota, amakhala akusankha alonda atcheru ndi makapitawo achangu, ngakhale asanawatchule maina. Ndiye chifukwa chake njere zobwereza, zotola pamunda wa chaka chatha, zimakhumudwitsa. Mbewu ya haibulidi ikabereka, makhalidwe ake amabalalika mwa ana ake, ndipo kupirira kumene mlimi analipira chaka choyamba kumatha kusowa chaka chachiwiri.

Komabe tisanamizane kuti mbewu yabwino imachotsa malamulo akale. Chitetezo cha m'tsamba chili ndi malire. Munda ukalimidwa fodya zaka zotsatizana, tinyongolotsi ta m'mizu timachuluka mpaka mbewu yopirira yomwe imalefuka, ndipo mabala amene timasiya ndiwo makomo a matenda ofotetsa. Maesiteti akale ankagoneka munda ndi udzu wa Katambora kwa zaka zingapo. Mlimi wa maekala awiri alibe malo ogoneka, ndipo apa ndi pamene vuto la malo, limene linayamba ndi malizi a m'zaka za m'ma 1970, limasanduka vuto la matenda. Kasinthasintha ndi chimanga kapena mtedza ndiye njira imene yamutsalira.

Fodya sadzalamulira chigwa cha Kasungu mpaka kalekale. Malawi anavomereza pangano la bungwe la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023, ndipo alimi ambiri amene kale ankadikira msika wa fodya wa Chinkhoma wokha tsopano akudzalanso soya, mtedza ndi mpendadzuwa. Koma zimene fodya anaphunzitsa sizidzatha naye. Banja la ERF lili m'mtedza umene umavutika ndi khate, lili mu soya amene amagwidwa dzimbiri, lili mu tomato wa kudimba. Mu 2006 kunadziwika kuti jini ya Sub1A, imene imathandiza mpunga kupirira kumizidwa m'madzi kwa masabata pafupifupi awiri, ndi ya banja lomweli, ndipo mbewu zonyamula jiniyi zikulimidwa ku India ndi ku Bangladesh. Aliyense amene anaona minda ya kuchigwa cha Shire pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023 akudziwa phindu la chinthu chotere.

Chimene chimandipweteka n'chakuti maina onse a m'mbiri ya sayansiyi ndi a malo akutali monga Wageningen, Cornell, Tsukuba ndi Nara, pamene anthu amene manja awo akuda ndi utomoni wa tsambali kwa mibadwo itatu ali kwa Lukwa, kwa Kaomba, kwa Santhe ndi kwa Wimbe. Mwana wa mlimi wa fodya amadziwa kale kusiyanitsa tsamba lakupsa ndi tsamba lodwala atangoliyang'ana chapatali. Inu aphunzitsi a sayansi m'masekondale a m'bomali, mukafika pamutu wa majini, tumani mwana akathyole tsamba la mawanga pamunda wa kwawo, mulinyamule pamaso pa kalasi, ndipo muwauze kuti vairasi woyamba ndi ERF woyamba anapezeka m'tsamba ngati limenelo. Inunso a m'makoleji a zaulimi a ku Bunda ndi ku Mwimba, ana amenewo akadzagogoda, atsegulireni chipinda chofufuzira.